Wamasiye Saonetsa Thupi: Mbiri ya Mayi Bandela Suvarthamma

Abusa, akumpingo, abale nonse, malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1979 m'mudzi uno wa m'boma la Guntur. Ine ndine Yesupadam, mlongo wawo wamkulu. Mundikhululukire, sindinena zambiri.

Sukulu analekezera sitandade 5, nayamba kuthyola tsabola m'minda ya eni, ntchito imene anaigwira mpaka mphamvu zitawathera. Mu 1996 anakwatiwa ndi bambo Devadanam, oyendetsa lole, m'tchalitchi chomwechi. Mulungu anawapatsa ana awiri.

Bambo Devadanam anatisiya mu 2007. Chaka chomwecho malemu anapezeka ndi kachilombo ka HIV. Mwambo wathu wa amasiye mukuudziwa: anawavula zibangili, maluwa m'tsitsi analeka, ndipo za m'thupi mwawo sanayenerenso kutchula. Mankhwala anayamba kumwa mokhulupirika. Mwezi ndi mwezi ankakwera basi kukawatenga kutauni, apongozi awo ali pambali.

Kuchipatalako kunali khomo lina loyandikana ndi pomwe ankalandirira mankhwala. Namwino, mayi Hemalatha, ankayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero, imene imafulumira mwa amene ali ndi kachilombo. Ankawaitana kuti, "Achemwali, talowani. Timayezera viniga chabe, akanakhala woluma bwenzi ine nditathawa kale." Koma apongozi awo ndiwo ankayankha: "Mwamuna ulibe, kumeneko akaonako chiyani? Ukufuna mudzi uzinena kuti uli ndi chibwenzi?" Sindikuwanyoza mayi athuwa, nawonso anaphunzitsidwa choncho. Koma zaka zinapita, malemu akungolidutsa khomolo.

Mu 2022 namwinoyo anawapatsa kathonje koti akadziyeze okha kunyumba, n'kudzakabweza. Anakamanga pansonga ya sari, nsalu yawo yovala, n'kubwera nako. Kodi nyumba ya chipinda chimodzi, yogona anthu anayi, wamasiye angabisale pati? Kathonjeko kanakalambira m'chitini cha mpunga.

Magazi atayamba kutuluka sanauze munthu. Mu Januwale 2024 anagwa m'munda wa tsabola. Madokotala anati tachedwa, khansa yafalikira. Anavutika, abale anga, anavutika zedi, mpaka Ambuye anawaitana pa 3 Novembala 2024.

Akuluakulu anandipempha kuti ndingoti anadwala nthawi yaitali. Mawu amenewo ndawawerenga pamaliro ambiri muno, ndipo ndatopa nawo. Pano pali amasiye ena amene mumakwera basi yomweyo. Maina sinditchula. Apongozi awo, azilamu awo, mwezi uno alekeni alowe okha pakhomo la namwino lija.

Malemu asiya ana awiri, Krupa ndi Vinod, mdzukulu mmodzi, apongozi awo, ndi ife alongo awo atatu. Tikuthokoza amayi a mpingo amene ankawasambitsa, anzawo akumunda amene anatiphikira, ndi mayi Hemalatha amene abwera kudzalira nafe, ngakhale anthu a banja lino anawayankha mwano kwa zaka zambiri.

Sabata yomaliza malemu anandigwira dzanja nati, "Achimwene, podzawerenga mbiri yanga musadzati ndafa ndi kachilombo. Mankhwala sindinadumphitse ndi tsiku limodzi lomwe. Ndafa posunga ulemu wa anthu amene mawa adzuka ali bwinobwino."

Ndanena monga munanditumira, mlongo wanga. Mzimu wanu uuse mumtendere.