Ndinabisa ana m'balani, mwana wanga nachotsedwa uphunzitsi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a m'mapulazi muno ndi inu a kumudzi ku Nyasalande. Ine ndine NaPhiri, make Lameki, wa pa pulazi lina la fodya kufupi ndi Marondera, kuno ku Rhodesia. Amene anayamba kundiuza za tsoka lathu ndi a Zuze, bambo wa ku Tete amene amaphika kunyumba kwa bwana. Anandipeza pampope ndikutsuka mbale, nandiitanira pambali. Anati popereka tiyi pakhonde anamva bwana akuwerengera dona wake kalata ya boma, yonena kuti mwana wanga wachotsedwa uphunzitsi chifukwa cha bodza, ndipo sukulu ya pakomboni yatsekedwa. Chimene a Zuze sanadziwe n'chakuti dzenje limene mwanayo anagweramo ndinakumba ndine.

Tinabwera kuno Lameki ali kumsana. Bambo ake amasonkha moto m'mabalani oumitsira fodya. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3 kwathu ku Ntcheu, ndiye mwanayo atamaliza maphunziro ku mishoni n'kubwera kudzaphunzitsa ana a pakomboni pathu pomwe, chimwemwe changa chinali chosasimbika. Sukuluyo ndi chipinda chimodzi chofolera udzu. Ana amayamba agwira ntchito m'munda, ndipo dzuwa likakwera Lameki amaimba simbi, chitsulo cha njanji chopachika pamtengo, iwo n'kumabwera akuthamanga.

Muyenera kumvetsa chimene galimoto la boma limatanthauza kwa ife obwera. Amati m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasalande muno tonse ndife amodzi, koma jipi ikalowa pakomboni imadzafuna zitupa. Miyezi iwiri izi zisanachitike, apolisi anatenga amuna opanda chitupa, pamodzi ndi mwana wina wa sukulu amene anangotalika msinkhu, ati ndi wamkulu wozemba msonkho. Make analira sabata yathunthu.

Tsono Lachiwiri lina m'mawa ndinaona jipi ya boma ikukhotera kunyumba kwa bwana. Sindinafunse munthu. Ndinathamanga khomo ndi khomo, mpaka kumunda, kuuza amayi anzanga kuti abise ana. Ambiri tinawatsekera m'balani lopanda moto, ena anathawira kumtsinje. Ine ndinalowa nawo m'balanimo, dzanja langa lili pakamwa pa kamwana kena kachifuwa. Simbi inalira. Inaliranso. Kachitatu inalira osalekeza, ine mumtima n'kumati mwana wanga ndi wochenjera, akutiuza kuti tisatuluke. Ndinathokoza Mulungu mumdimamo kuti wandigwiritsa ntchito.

Jipi itapita ndinakapeza Lameki atakhala yekha m'kalasi, kaundula wa maina ali pamiyendo. Ndinamuuza mokondwa kuti onse apulumuka. Iye anandiyankha kuti:

"Amayi, sanali apolisi. Anali sipikitala woyendera masukulu."

Mzunguyo anapeza kaundula wodzaza maina, koma ana atatu okha pabenchi. Lameki anathamangira ku komboni, napeza zitseko zotseka ndi nkhalamba zonena kuti sizinaone mwana aliyense. Sipikitala anati mainawo ndi opeka, nakwera jipi yake. Ine ndinadzitonthoza kuti abweranso tsiku lina. Patapita masabata atatu ndi pamene a Zuze anandipeza pampope paja.

Bwana sanadandaule, pakuti inali nyengo yosankha fodya ndipo manja ankafunika. Mabenchi anawaunjika panja, m'kalasi analowetsamo mitolo ya fodya. Ana onse anabwerera ku ntchito tsiku lonse. Lameki, kuti asachotsedwe pakomboni pamodzi ndi mkazi wake Rute amene anali woyembekezera, anayamba kusankha fodya m'chipinda chomwecho, bolodi lake lakuda likadali pakhoma. Sukulu ina iliyonse sikanamulandira ndi dzina la wabodza. Sanandinenere mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa chitonzo. Amayi amene tinabisala nawo limodzi anayamba kunena kuti wofuula anali NaPhiri. Ananena zoona. Kutchalitchi nyimbo sinkatuluka. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, langani ine, koma mwanayu mubwezereni dzina lake.

Yankho linadzera khomo limene ine ndinali kulikana. Chaka cham'mbuyo mwake Lameki analowa bungwe la aphunzitsi, ndipo ndinamukalipira kuti zimenezo n'zandale, zidzatithamangitsa m'dziko la eni. Loweruka lina masana anafika bambo wina pa njinga, mathalauza atawamanga ndi luzi m'akakolo. Anali a Gwatidzo, Mshona, mphunzitsi wa sukulu ina ya ku Goromonzi, mlembi wa nthambi ya bungwelo. Anaona kuti Lameki sanabwere ku msonkhano wawo kawiri, nafunsa chifukwa. Mwanayo anali asanakadandaule, chifukwa kudandaula kukanatanthauza kutchula ine.

Ndinawafotokozera zonse ndikulira. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenaka anayankha m'Chinyanja chawo chosakaniza.

"Mai, ku ofesi ya maphunziro misozi sawerenga. Amawerenga mapepala. Makope a ana alipo?"

Analipo. Tinayenda nawo nyumba ndi nyumba, kutola makope amene amayi anasunga m'madenga ndi m'masutukesi. Tsamba lililonse linali ndi tsiku lake ndi inki yofiira ya Lameki. A Gwatidzo anati mwana wopeka salemba samu, ndipo salakwitsa. Anafananitsa kope lililonse ndi dzina la m'kaundula. Kenaka anati pafunikanso kalata yonena chimene chinachitika, makolo adindepo chala.

Apa ndiye panavuta. Wobwera kudinda chala pa pepala lopita ku boma, ndiye ngati kudziitanira jipi. Amayi onse anayang'ana pansi. Ndinazindikira kuti Sitandade 3 yanga Mulungu anaisungira tsiku limeneli. Ndinatenga cholembera, ndinalemba ndekha kuti ine ndine ndinafuula, ndine ndinatseka chitseko cha balani, ndipo ndinalemba dzina langa pansi. Make wa mwana wotengedwa uja anadinda wachiwiri. Enawo anatsatira.

Mwezi wotsatira anandiitana ku msonkhano wa aphunzitsi ku Marondera. Ndinali ndisanaonepo anthu a mataye ochuluka choncho m'chipinda chimodzi. Nkhani zawo amazitenga imodzi imodzi, ina ya nyumba yodontha, ina ya kalasi lopanda mabuku, mlembi akulemba, kenaka amakweza manja kuti isankhidwe yopita ku likulu. Itafika yathu ndinaimirira n'kufotokoza zonse. Pamene ndinati simbi ndinaiyesa chenjezo, ena anaseka. Koma mphunzitsi wina wachikulire wa ku Darwendale anaimirira nati kusekako kuleke, chifukwa kwake nakonso ana amathawira m'tchire akaona jipi, ndipo mlandu si wa mayiyu ayi. Anagwirizana kulemba zinthu ziwiri: kuti nkhani ya Lameki ionedwenso, ndiponso kuti sipikitala azidziwitsa mphunzitsi asanabwere, ndipo boma lizisamala sukulu za m'mapulazi monga lisamalira za m'tauni, osati mwana wa pakomboni kuphunzira pokhapo bwana akafuna. Ndinadabwa kuona anthu osatidziwa, a mtundu wina, akukweza manja chifukwa cha ana athu.

Tinadikira miyezi inayi. Kalata yoyamba sinayankhidwe, bungwe linalembanso, ndipo a Gwatidzo ndi anzawo awiri ananyamula makope aja m'katoni kukawatula okha ku likulu ku Halale. Rute anachira mwana wamkazi tikadali kudikira. Kenaka uthenga unafika wotchula tsiku limene sipikitala adzabwerenso.

Fodya anali atagulitsidwa, ndiye bwana analola kuti tisese chipinda chija. Tsikulo ndinaima kumseu pamodzi ndi ana onse atasamba. Fumbi la jipi litaoneka patali, ndikuuzeni zoona, miyendo yanga inafuna kuthawa. Kamwana kachifuwa kaja kanandigwira chitenje n'kundifunsa ngati tikabisalenso. Ndinakauza kuti ayi, lero tiima pomwe pano. Sipikitala anaitana maina onse a m'kaundula, ndipo dzina lililonse linayankha, kupatula la mwana wotengedwa uja, amene make anamuyankhira. Mzunguyo anavula chipewa, nauza Lameki kuti ayambe phunziro. Masabata awiri pambuyo pake a Zuze anandipezanso pampope, koma ulendo uno akumwetulira kuchokera kutali: kwa bwana kunali kutafika kalata ya boma yobwezera Lameki uphunzitsi wake.

Lero simbi ikulira tsiku ndi tsiku, ndipo ndikaimva ndimasiya chimene ndikuchita n'kunena zikomo Ambuye. Pempho lachiwiri lija silinayankhidwe lonse. Sukulu idakali pa nthaka ya bwana, ndipo nyengo yosankha fodya ikubweranso. Aphunzitsi akuti sasiya kulemba, ndipo ine amene ndinkakaniza Lameki tsopano ndimamuchapira malaya a ku msonkhano.

Inu amene mwalakwira munthu wanu chifukwa cha chikondi kapena mantha, musabisale m'balani monga ine. Tulukani munene, Mulungu ali ndi anthu ake ngakhale kumene simuyembekezera. Mutikumbukire m'mapemphero anu: Lameki ndi Rute, kamdzukulu kathu Chisomo, bambo ake a Lameki amene utsi wa m'mabalani ukuwavuta m'chifuwa, ndi mayi uja amene akudikirabe mwana wake.