Tsiku Limene Bawuti la Oyilo Linakana

Lamulungu masana, Anti Hutala, mayi amene amanyamula ana asukulu pa kagalimoto kawo kotuwa, anali chagada pa katoni kunsi kwa injini, miyendo yokha ikuonekera kunja. Makolo a anawo anali atawauza mosapsatira kuti akadzangochedwanso kamodzi, ana onse apita kwa dalaivala wa minibasi, ndiye oyilo anayenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Wowapatsira zida anali amuna awo, bambo amene anakalambira pa ntchito yowerenga mamita a madzi, munthu woti ukamuuza kuti adikire pakhomo umakamupeza ali chiimire pomwepo, mvula ikumukhuthukira.

"Bambo a ana, sipanala."

"Iti?"

"Ya bawuti lotulutsira oyilo. Mukuyesa ndikumasula chiyani kuno?"

"Sindikuonako kumeneko. Ine ndikuona mapazi anu basi."

Anapereka sipanala. Kunsi kunamveka kubuula, zala za kumapazi zinapindika, kenako kunangoti zii.

"Lakana," anatero mayi. "Tandiuzani, anamanga komaliza bawutili ndani?"

Bambo anayang'ana kumwamba, kuganiza mofatsa kuti asaname. "Makaniko."

"Ndinadziwa ine! Anachitira dala kuti ndidzapitenso kukamugwadira. Munthu anandiseka pamaso pa makasitomala ake, ati azimayi amangodziwa pothira petulo. Ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondanso pa galaja pake, ndipo silidzaponda."

"Lero n'potseka n'komwe."

"Ngakhale akanatsegula!"

Bambo anakhosomola pang'ono. "Mayi a ana, pali kanthu kena."

"Kokhudza sipanala?"

"Ayi."

"Ndiye kasungeni. Ndipezereni chitsulo chachitali chabowo m'kati, ndilowetse ku sipanala kuti mphamvu ichuluke."

Bambo analowa m'nyumba. Atatuluka, mayi anaona nsalu yamaluwa ikukwekwereka pa simenti kubwera kumene anagona.

"Icho n'chiyani?"

"Chitsulo chachitali chabowo m'kati."

"Cha makatani a pabalaza?"

"Eee."

"Ndi makatani ake omwe?"

"Simunati ndichotse."

"Mayo ine! Abale, ndinalakwanji? Chotsani msanga, mundipatse."

Chitsulo cha makatani chinalowa bwinobwino ku sipanala. Mayi atakoka kamodzi, chinapindika ngati nthochi. Anachiponyera kunja, ndipo bambo anachitola n'kuyamba kuchiwongola pa bondo.

"Siyani zimenezo! Kuseri kwa bafa kuli paipi yakale ija. Paipi yokha, mwamva? Osabweretsa bafa."

"Bafa silinganyamulike."

"Pitani!"

Paipi inabwera. Mayi anailowetsa ku sipanala, mbali ina n'kutulukira kunja cha kutayala lakutsogolo.

"Tsopano ine ndigwira sipanala kuti isapulumuke. Inu kankhani paipiyo ndi phazi, chakugeti."

Bambo anaika phazi pa paipi mwaulemu, ngati akuyeza madzi osamba. "Ndakankha."

"Kumeneko n'kukankha? Ndi mphamvu!"

"Zingati?"

"Zonse!"

"Zonse zenizeni?"

"Bambo a ana, dzuwa likupendeka!"

Bambo anabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda, anavula magalasi n'kuwaika m'thumba, kenako anathamanga n'kudumphira pa paipi. Paipi inalira, galimoto inagwedezeka pa jeke, sipanala inapulumuka n'kukagunda geti. Kunsi kunatuluka mawu amene sayenera kumveka tsiku Lamulungu.

"Lamasuka?" anafunsa bambo, akudzuka pansi.

"Chamasuka ndi chikopa cha zala zanga! Ndipo mutu wa bawuti wadyeka, wasalala, sipanala ikungoterera. Mufuna kundipha kuti mukwatire wina?"

"Ayi. Munati zonse."

Mayi anayamwa chala, kupuma mwamphamvu. Munthu wina akanatuluka pamenepo, kusamba m'manja n'kuvomera kuti zakanika. Koma Anti Hutala makani anabadwa nawo, ndipo mano anachita kubwera pambuyo.

"Hamala ndi tchizulo. Ndilimenya cham'mbali mpaka lizungulire. Ndipo chotsani beseni ili, likundipinga chigongono."

"Ndichotse?"

"Chotsani!"

Bambo anakoka beseni lolandirira oyilo, n'kupita nalo. Anabwerako ndi hamala ndi tchizulo, ndipo anagwada pafupi ndi mapazi aja.

"Kanthu kaja ndikusungabe."

"Sungani. Gwirani tochi, muwalitse apa."

"Apa pati?"

"Pamene ndikumenyapa! Osati m'maso mwanga, inu!"

Khooo! Khooo! Agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Mayi anamenya, kupuma, kumenyanso, mpaka analavula n'kupukuta m'maso.

"Aaa, koma izi! Tizidutswa totuwa tikugwerati n'chiyani? Makaniko ameneyu anaikapo simenti?"

"Si simenti."

"Mwadziwa bwanji inu?"

"Simenti sagwira pa chitsulo chamafuta. Ndinayesa."

Hamala inaleka kulira. Mapazi aja anayamba kusuntha pang'onopang'ono, kenako mawondo, kenako mayi yense anatuluka, n'kukhala tsonga pa katoni, tchizulo chili m'manja.

"Munayesa."

"Eee. Anagwa tsiku lomwelo. Ndiye ndinagula guluu wa chitsulo, uja wa timachubu tiwiri, wosakaniza ndi kamtengo ka machesi. Ameneyo ndiye anagwira."

"Munamata bawuti lotulutsira oyilo."

"Kuzungulira konse. Kawiri, kuti ndisakayike."

"Ndakufunsani pano, pano pomwe, kuti anamanga bawutili ndani. Mwati makaniko!"

"Ndiye amene anamanga. Ine ndinangomata."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Apa wofunsa anafunsa ndithu, kungoti anafunsa funso lina. Mayi anawaloza ndi tchizulo.

"Anakutumani ndani?"

"Inuyo. Mwezi watha, mutaima apo ndi tsache. Munati: ndisadzaonenso dontho la oyilo pa simenti panga, chitani chimene mungachite."

"Ndimatanthauza kuti muziika katoni pansi!"

"Katoni simunaitchule. Koma tanenani, mwaonanso dontho?"

"Musandiyankhulitse pambali."

"Ngakhale limodzi?"

"Nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi, ine ndikusenda zala kuno?"

"Ndi kanthu kaja munati ndisunge."

Mayi anaika tchizulo pansi mwachifatse, kuopa kuti chikakhala m'manja chichita zina.

"Guluu ameneyo watsala?"

"Theka."

"Kamutengeni. Mukamutaye kumene sindidzamuonanso moyo wanga wonse. Ndikadzangomva fungo lake m'nyumba muno, inu ndi iye mudzatulukira limodzi."

Bambo anapita, ndipo sanachedwe. Atabwerako anapeza akazi awo atagwira tsaya, akuyang'ana zomata za nyama zimene ana anamata pa galasi lakumbuyo. Ukali unali utatha, kunatsala mantha okhaokha.

"Bambo a ana, mawa ndikapanda kuimba hutala pa mageti aja, basi kwatha. Wa minibasi akungodikira ngati khwangwala. Ana amenewo ndiwo akutidyetsa pakhomo pano, mukudziwa. Ndipo kamtsikana kachibwibwi kamene ndimanyamula kaja, ndani adzakadikira kuti kamalize kunena moni? Wa minibasi uja adzangokankha giya."

Bambo anakhala pansi pambali pawo, pa simenti. Zinawakhudza, ndipo zikawakhudza ankakonda kunena zoona zenizeni.

"Bwanji tingosiya oyilo wakaleyo? Mawa muyende naye."

"Wada bii, watsala pang'ono kukhala phula. Lachisanu injini imalira ngati chigayo, nyale yofiira ikuphethira. Mufuna indifere pamsewu, ana ali m'kati?"

"Ayi. Komatu guluu ameneyu amaopa moto. Ndinamata chogwirira poto, chinagwa titangoteleka."

"Moto? Kunsi kwa galimoto? Mutu wanu ukuyenda bwino? Mwamata, tsopano mufuna kuotcha?"

"Ndangonena."

"Musamangonena."

Mayi anayang'ana dzuwa, anayang'ana galimoto, n'kudzuka kukutumula siketi.

"Ndaganiza nzeru. Chinthu chomata chikatenthedwa chimafewa. Kakolezeni makala, mubwere nawo pa fosholo."

"Ndi zimene ndanena."

"Inu mwati moto. Ine ndikuti makala."

Bambo anaganizira, n'kuona kuti pamenepo akazi awo sakunama. Anabwera ndi makala ofiira pa fosholo, ndi ndowa ya madzi kudzanja linalo. Anagona chafufumimba n'kugwirizira fosholo kunsi kwa bawuti, nkhope atatembenuzira kumbali.

"Ndichotse liti?"

"Ndikakuuzani."

"Nsidze zanga zikununkha."

"Sindinakuuzeni."

Fungo la guluu wopserera litadzaza pakhonde, mayi anati basi. Analowanso kunsi, anaika tchizulo m'mbali mwa bawuti, n'kumenya ndi mkwiyo wa tsiku lonse. Kachitatu bawuti linasuntha.

"Lasuntha! Bambo a ana, lasuntha! Wina akamuuze makaniko kuti mzimayi wamasula! Beseni, msanga!"

"Lili kukhitchini."

"Likutani kukhitchini?"

"Munati ndichotse. Ndalitsuka, ndalivundikira pa thandala."

Yankho la mayi silinamveke bwino, chifukwa nthawi yomweyo bawuti linagwa, ndipo oyilo wofunda, wakuda bii, anatsika yense pa mpango, pa khutu, pa khosi, n'kuyenderera pa simenti kulowera kugeti. Bambo anathamanga kukatenga beseni, ndipo anafika nalo oyilo atatha.

Mayi anatuluka, maso okha akuyera. Sanakalipe. Anapukuta bawuti pa siketi, n'kuliyang'anitsitsa. M'mano mwa bawutilo munali mutakulungika kawaya kopyapyala konyezimira.

"Aka n'kachiyani?" anafunsa bambo.

"Kalibe ntchito. Ndipatseni pulayazi."

Analowanso. Anazungulitsa bawuti m'malo mwake, linazungulira. Anazungulitsanso, linazungulirabe. Kawaya kaja anali mano a m'bowo, amene tchizulo ndi paipi zinawazula, ndipo tsopano bawuti linalibe pogwira.

"Lalimba?"

"Likulimba."

"Ndikumva likungozungulira."

"Makutu anu ndi amene akuzungulira. Thirani oyilo watsopano pang'ono, tione."

Bambo anatsegula boneti n'kuthira pang'ono. Kenako mu beseni munayamba kumveka: to, to, to, to.

"Akudontha," anatero bambo.

"Ndikuona."

"Kwambiri."

"Ndati ndikuona!"

"Pofika m'mawa akhala atathera mu beseni. Mashopu atseka. Makaniko amakhala kuseri kwa galaja yake, ndikhoza kukamugogodera."

"Mukapita kumeneko, mupite ndi sutikesi."

Dzuwa linali litabisala kuseri kwa denga la aneba. To, to, to. Mayi anagona chagada pa katoni yonyowa, akuyang'ana dontho lililonse likukula, kulemera, n'kugwa. Atayankhula, mawu awo anali ang'ono, oti agalu a kwa aneba sakanawamva.

"Bambo a ana."

"Wawa."

"Guluu uja munamutaya kutali?"

"Munati kumene simudzamuonanso moyo wanu wonse."

"Ndikudziwa zimene ndinanena. M'dzenje la zinyalala?"

"Ayi, kumeneko mumapitako. Ndamuika pamwamba pa kabati. Inu simufikapo."

Kunsi kwa galimoto kunamveka kaphokoso, kaya kanali kuseka kaya kulira, mwina zonse ziwiri.

"Amauma nthawi yaitali bwanji?"

"Tikakhetsa oyiloyu n'kupukuta bwino, pofika m'mawa akhala ngati mwala."

"Ndiye mwaimiranji? Kamutengeni."

"Munati mukadzamva fungo lake, ine ndi iye..."

"M'nyumba! Ndinati m'nyumba. Kuno n'kunja."

Bambo anagwedeza mutu, kukhutira kuti lamulo silinaphwanyidwe. Anapita, anabwerako ndi timachubu tiwiri ndi kamtengo ka machesi, n'kugwada pambali pa tayala. Mayi anawasunthira kuti apeze malo pa katoni.

"Ndifunse kaye, kuti tisadzakanganenso," anatero bambo, akufinya guluu pa chivundikiro cha botolo. "Ndimate moti mudzathe kumasula, kapena ndimate mmene ndimamatira ine?"

Mayi anawalanda tochi, n'kuwalitsa pa bawuti penipeni.

"Mmene mumamatira inu. Kawiri, kuti tisakayike."