Filimone Tu'ifua, Namwino Wamwamuna Womaliza pa Zilumba Zathu

Malemu bambo Filimone Tu'ifua, amene tawazungulira pano titavala zakuda ndi mikeka yong'ambika m'chiuno, anabadwa pa 9 Juni 1957 m'mudzi uno, pachilumba chathu chino cha ku Ha'apai. Anali mwana wachiwiri wa malemu bambo Manase ndi malemu mayi Meleane. Woyamba ndi alongo athu a Lesieli, amene akhala kumutu kwa malemuwa monga mwa ulemu wawo. Womaliza ndine Semisi. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi, mwina chifukwa ndakhala kunja, ku Auckland, zaka zoposa makumi anayi, ndiye akuganiza kuti manyazi anandithera komweko. Sanathe. Abusa, akuluakulu, makamaka inu a Lesieli, mundikhululukiretu, pakuti m'mbiri muno muli zina zimene mwamuna satchula mlongo wake ali pomwepo.

Anayamba sukulu mu 1963, kuseri kwa tchalitchi uko, pansi pa denga la masamba a kokonati. Masiku amenewo mudzi uno unali ndi anyamata okwana matimu awiri a ragibi, n'kutsalako ena okuwiza. Dzulo, kuti manda awa akumbidwe, tachita kubwereka amuna kuchilumba chinacho. Mu 1970 malemu anapita ku sekondale ku Pangai, ndipo mu 1976 anakwera sitima kupita kulikulu la dziko lathu, ku Nuku'alofa, kukaphunzira unamwino. M'kalasi monse mwamuna anali iwo okha. Akabwera kutchuthi n'kukhala pa kava, chakumwa chathu cha mizu chija, anzawo sankawapatsa mpata. "Iwe Filimone, kadiresi koyera kaja akupatsa kale? Tativalira tikuone!" Malemu ankayamba amwa kaye chikho chawo, kenako n'kunena kuti, "Sekani, ana a mayi. Tsiku lina mudzabwera nokha kudzandimasulira nsalu." Ena mwa osekawo muli pano, ndipo mukudziwa kuti munapitadi.

Mu 1981 anawatumiza ku wodi ya odwala maganizo. Sanawasankhe chifukwa cha mayeso. Anawasankha chifukwa cha mapewa, poti ankafuna munthu wopanikiza odwala akalusa. Koma sipanapite nthawi malemu anaona kuti ambiri mwa olusawo anali anthu ogwidwa ndi mantha, ndiye anasiya kupanikiza n'kuyamba kukhala pansi. Anzawo akathamangira zingwe, iwo ankati, "Tadikirani, munthuyu akutiopa ife. Tachuluka." Ankakhala pakhomo mwakachetechete mpaka wodwalayo atatopa n'kukhala nawo.

Pa 18 Ogasiti 1984 anamanga ukwati ndi mayi Sulieti, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: Saimone mu 1986, Kalolaine mu 1990, ndi 'Etuate mu 1994.

Mu 1993 anapita kunja, ku Suva, kukawonjezera maphunziro a matenda a maganizo. Ochokera kuno analipo amuna atatu. Lero mmodzi ali ku Brisbane, wina tinamuika ku Auckland, m'manda ozizira pafupi ndi msewu waukulu. Malemu okha ndi amene anabwerera n'kukhazikika. Atabwera ndi satifiketi, malipiro anakwera ndi ndalama yokwana kugula katoni imodzi ya nyama ya nkhosa. Ine nthawi imeneyo ndinkabwezera mabuku m'mashelefu m'laibulale ku Auckland, ntchito yosafuna satifiketi, koma zimene ndinkalandira pa sabata iwo sankazifika pa mwezi. Ndinawaimbira foni ndikuti, "Achimwene, kuno anamwino ngati inu akuwasakasaka, bwerani." Anandiyankha kuti, "Semisi, odwala a kumeneko ali ndi anthu owaona. Angawa ndiwasiyire ndani, nkhumba?"

Mu 1996 anapempha kuti abwerere kuno ku Ha'apai. Mwezi uliwonse ankakwera boti ndi kabokosi ka mankhwala, kuzungulira zilumba. Mukukumbukira kagwiridwe kawo ka ntchito. Banja likanena kuti mwana wagwidwa ndi mizimu ya kumanda, iwo sankatsutsa. Ankalola amayi a zitsamba afinyire kaye masamba m'maso ndi m'mphuno mwa wodwalayo, iwo atakhala panja akusenda kokonati. Zikatha ankalowa n'kunena kuti, "Mizimu mwaithamangitsa, zikomo. Tsopano ine nditseke chitseko." Ndiye ankabaya jakisoni. Odwala aakazi ankawasiyira namwino wamkazi. Amuna onse a zilumba zino anali awo.

Mu 2006 matenda amene ankawathamangitsa m'nyumba za eni analowa m'nyumba mwawo. Mwana wawo Saimone, ali ndi zaka makumi awiri, anayamba kumva mawu akumuitana kuchokera kunyanja, kuseri kwa matanthwe kumene mafunde amaswekera. Zimenezi sindikuzinena mobisa. Ndamufunsa mwini wake m'mawa uno, ndipo wandiuza kuti, "Nenani, bambo aang'ono. Alipo amene sakudziwa?" Kuyambira chaka chimenecho Saimone amalandira jakisoni kamodzi pa milungu inayi. Mapiritsi anawakana kalekale, amati amamva chitsulo m'kamwa. Akabayidwa pa nthawi yake ndi munthu ngati ife tonse, mwina kuposa ena a ife. Injini za maboti anu amakonza ndi iye, ndipo besi ya kwaya yathu ndi iye. Koma jakisoni wake si wa pamkono. Amabaya pamene munthu amakhalira. A Lesieli, ndafika pomwe ndingafike. Ndipo kuyambira tsiku loyamba mpaka mwezi wathawu, dzanja lobaya linali la bambo ake.

Mu 2017 malemu anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo anapuma pa ntchito. Malo awo analengezedwa, koma palibe mwamuna amene anabwera. Angabwere bwanji? Mnyamata akapita kukathyola zipatso ku Australia nyengo imodzi amabwera ndi ndalama zimene namwino amaziona pa chaka. Atsikana amene amamaliza unamwino amagwira zaka zawo zokakamizidwa, kenako ndege. Otsala pa ntchito ya maganizoyi ndi achikulire, imvi mbuu, ndipo pafupifupi onse ndi amayi. M'laibulale muja ndinawerenga malipoti ambiri a anthu ophunzira, osindikizidwa pa mapepala osalala, owerengera kuti akatswiri a matenda amenewa alipo angati pa zilumba za nyanja yathu ino. Malo ena nambala yake sinkakwana n'komwe munthu wathunthu, ankalemba theka. Ndinkaseka ndekha kuti theka la munthu limaoneka bwanji. Ndaliona. Ndi nkhalamba yopuma pa ntchito, yosalandira kanthu, yokwera boti la eni ndi kabokosi pamiyendo. Malemu anapitiriza chotero zaka zisanu ndi ziwiri.

Mu 2019 mwana wawo Kalolaine, amene anatsata ntchito ya bambo ake, anatumizidwa ku kachipatala kathu kano. Akanatha kupita kunja ngati anzake, koma anakhala. Lero pachilumba pano wodziwa kugwira singano ndi iye yekha. Ndipo ndi mlongo wake wa Saimone.

Nonse mukudziwa tanthauzo lake. Malemu analera ana awo monga tinaleredwera ife. Saimone atangosinkhuka anamumangira kanyumba kake kuseri. Salowa m'chipinda cha mlongo wake, sakhala naye pamkeka umodzi, sadya zotsala m'mbale yake. Mwambo umenewu ndinaulira zaka zonse ku Auckland, ndikamaona adzukulu athu mnyamata ndi mtsikana ataunjikana pampando umodzi akuonera zinthu zochititsa manyazi pa kanema. Ndinkati kwathu zimenezi kulibe, kwathu kuli ulemu. Sindinkadziwa kuti ulemu womwewo ungatiphere mwana.

Mu Meyi 2023 bala la shuga linawavuta malemu kuphazi, ndipo anawatengera ku Nuku'alofa, kumene anakhala miyezi yoposa iwiri. Tsiku la jakisoni litakwana, mayi Sulieti anamutenga Saimone kupita naye kuchipatala. Atafika pakhomo n'kuona amene wanyamula singano, anabwerera chafutambuyo. "Amayi, mukufuna ndivule pamaso pa mlongo wanga? Ine ndine wodwala, sindine galu." Anamunyengerera, abusa anayesa, koma ayi. Mwezi wachiwiri tulo tinamuthawa. Ankaima pamchenga nkhope kunyanja, akuyankha anthu amene wina aliyense sankawamva: "Ndamva, ndikubwera, musakuwe." M'mawa wina boti la adikoni linapezeka palibe. Amene munalipo mukukumbukira mmene mudzi uno unakhalira zii, amayi atandandalika m'mphepete mwa nyanja, opanda mwamuna wamphamvu woti n'kumutuma. Patapita masiku asodzi a chilumba china anamupeza akutengeka ndi madzi, mafuta atatha, khungu litasupuka ndi dzuwa, milomo itang'ambika, akuimba nyimbo ya m'buku ndi mawu osamveka. Malemu anabwerako zala ziwiri za kuphazi atazidula. Sanapite kunyumba. Anati awanyamule pampando mpaka pamene panali mwana wawo.

Kuyambira pamenepo thanzi lawo silinabwererenso. Chakumapeto kwa 2024, ine nditangobwerera kuno, impso zinayamba kufooka. Anakana kubwerera ku Nuku'alofa. Anati, "Ndikapitanso, mwanayu mudzamufuna kunyanja." Pa 14 Febuluwale chaka chino anamubaya Saimone komaliza ali chigonere pamkeka, mayi Sulieti atawachirikiza mkono. Anandiyesa ine, koma maso anga saona timizere ta pa singano. Anaganizira amuna onse a m'mudzi muno mmodzimmodzi, ndipo wamng'ono mwa iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi ndi ng'ala m'diso. Tinatumiza uthenga kwa akuluakulu a zaumoyo ku Nuku'alofa wopempha namwino wamwamuna. Anatiyankha mwaulemu kuti akapezeka adzatiuza.

Sabata yawo yomaliza anaitanitsa a Lesieli, pakuti pa ana a mlongo wawo mawu omaliza ndi a azakhali. Koma nkhani yake sinali yoti mwamuna n'kuuza mlongo wake maso ndi maso. Choncho a Lesieli anakhala panja pakhonde, malemu anatembenukira kukhoma, ndipo mayi Sulieti anaima pakhomo n'kumanyamula mawu. Pempho linali lakuti m'chipatala mupachikidwe ngatu, nyanda yathu ija, kuchokera kudenga mpaka pansi, ndipo ibooledwe malo amodzi. Saimone aime mbali ino, Kalolaine mbali inayo, asaonane nkhope, asalankhulane. A Lesieli atamva anati, "Sulieti, kamuuze mlongo wangayo kuti akudwala miyendo, asawonjezerepo mutu." Ananyamuka n'kumapita. Malemu anatisiya Lamulungu pa 9 Malichi 2025, belu loyamba la tchalitchi likulira, ali ndi zaka 67. Anapita asanamve yankho lina.

Ambiri mwaona m'mawa uno nyanda yaikulu ikutuluka m'nyumba ya maliro kulowera kuchipatala, ndipo ndamva manong'onong'o. Ndi chifukwa chake banja lati ndifotokoze. Pa mphatso zonse zimene mwabweretsa, a Lesieli ndiwo oyamba kusankha, ndipo asankha nyanda yabwino koposa, imene amayi a kwaya anaisula ndi kuilemba chaka chathunthu. Atenga sizasi imene abwera nayo yodzametera tsitsi la ana a malemu, aboola pakati penipeni, bowo lokwana chikhatho. Amayi ena akuwa poona zimenezi. Iwo anena kuti, "Kalolaine sadzaona mlongo wake. Adzaona khungu la wodwala. Amene ali ndi mawu abwere alankhule ndi ine."

Saimone waiona nyandayo. Wangoti, "Ndamva, azakhali." Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Tsiku la jakisoni wake ndi Lachisanu, mkuja uno. Ndikunena pamaso panu kuti banja lili ndi mantha. Ndiponso si ife tokha. Pa zilumba zinazi pali nyumba zimene zinkadikira boti la malemu mwezi ndi mwezi, ndipo eni ake ena mwakhala pano, mukulira maliro awiri.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Sulieti, ana awo Saimone, Kalolaine ndi 'Etuate, amene akutiona pa foni kuchokera kumunda wa malalanje ku Mildura, ku Australia, pamodzi ndi adzukulu atatu. Asiyanso alongo awo a Lesieli ndi mng'ono wawo, ine.

Banja likuthokoza abusa ndi kwaya, amene mwaimba osapuma kuyambira Lamulungu. Likuthokoza amuna a chilumba chinacho amene mwakumba manda ndi kututa mchenga woyera, onse amene mwabwera ndi nkhumba, zilazi, mikeka ndi nyanda, adikoni amene boti lawo lakhala likunyamula anthu, ndi abale a kunja amene mwatumiza thandizo. Tikuthokozanso asodzi aja a 2023, amene awiri mwa iwo ndikuwaona kumbuyoko.

Pempho la banja ndi limodzi, ndipo Saimone walimva n'kuvomera kuti ndilinene. Kuyambira mawa madzulo, nonse amene muli ndi maboti muchotsemo mafuta ndi nkhafi, mukasunge m'nyumba. Saimone akabayidwa Lachisanu, abusa adzaliza belu. Mukapanda kulimva, musazitulutse.

Achimwene anga a Filimone, kabokosi kaja katuleni, mwakanyamula mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ife otsala titchera khutu ku belu.