Wanangwa Sanamvepo Mawu Anga

Abale anga mwa Yesu, ambiri mumandidziwa kuti ndine Kamwendo, wophika ku loji ya kunyanja kuno ku Kande. Ena munandidziwa kale, masiku amene Lamulungu m'mawa ndinkadutsa pa tchalitchi pano ndikununkha mowa wa dzulo. Lero ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga, ndi mmene Mulungu anandigwirira kudzera mwa iye.

Kwathu ndi ku Dedza. Kuno ndinabwera kudzafuna ntchito. Ndinayamba ndi kutsuka mbale, kenako anandikweza kukhala wophika. Chingerezi ndinachitolera m'khitchini momwemo. Azungu akadya nsomba yanga ya batala yootcha ankandiitana shefu ndi kujambulitsa nane. Mutu unakula, abale. Ndinafika poganiza kuti chonena mlendo wa ku Ulaya ndiye nzeru, chonena munthu wa kumudzi ndi zachimidzimidzi. Ndikaweruka, njira yanga inali imodzi, ya ku bala la pamsewu.

Ndinakwatira NyaChirwa, mwana wa konkuno. Tinakhala zaka zinayi popanda mwana. Iye ankapemphera, ine ndinkamuseka, koma mumtima ndinkafuna mwana kuposa iye. Ndikaona asodzi akubwera kunyanja ana awo akuwathamangira, ndinkayang'ana kumbali. Ndinkalakalaka munthu woti azindiitana adadi.

Mwana anabadwa, wamwamuna. Ndinamwa masiku awiri.

Atatuluka kuchipatala, mkazi wanga anapita kwa amayi ake kukakhala m'chikuta. Mwambo wake mukuudziwa. Mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo dzina limadikira tsiku limenelo. Chipinda chinali cha mdima, zenera analitseka ndi chitenje kuopa mphepo ya mwera. Ine za miyambo ndinalibe nazo ntchito. Tsiku lachitatu ndinalowa, ndinamunyamula mwana n'kumujambula pafoni. Khungu lake linali lowala. Ndinanyada, ndinati watengera agogo anga a ku Dedza amene anali oyera.

M'mawa mwake ndikupereka chakudya ku loji, ndinaonetsa chithunzicho mlendo wina wachizungu, mtsikana wa anthu oyenda ndi chikwama kumsana aja. Anati mwanayo akuoneka wachikasu pang'ono, koma mwana wa mchemwali wake anali chimodzimodzi, ankangomuika padzuwa ndipo zinatha. Sanali dokotala. Ananena zimenezi akupaka jamu pa buledi. Koma ine ndinazitenga ngati lamulo.

Masana a tsiku lomwelo kwa apongozi kunafika mayi wa zaumoyo, amene amayenda panjinga kuyendera makanda. Ine ndinalipo. Anapita naye mwana pakhomo pomwe panali kuwala. Anamudina ndi chala pachipumi, pachifuwa, kenako anamutambasula timanja ndi kumuyang'ana kumapazi.

"Ada, mwanayu ali ndi chikasu, ndipo chafika mpaka kumapazi," anatero. "Musadikire mchombo. Mupite naye kuchipatala lero lomwe."

Apongozi anga anakayikira chifukwa cha chikuta, koma anati mawu omaliza ndi a bambo ake a mwana. Onse anayang'ana ine.

"Amayi, ine ndimagwira ntchito ndi azungu," ndinayankha. "Izi mankhwala ake ndi dzuwa basi. Musatiopseze."

NyaChirwa anati, "Bambo a mwana, tiyeni tingopita, akakamuone."

Ndinamukalipira pamaso pa amayi ake. Mayi wa zaumoyo uja anachonderera kachiwiri, ine ndinamuonetsa njira. Anakwera njinga yake n'kumapita.

Masiku awiri ankamutulutsa mwana m'mawa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa. Chikuta chomwe ankachiopacho anachiswa chifukwa cha mawu anga, koma kuchiswera dzuwa, osati chipatala. Mwana ankangogona. Ine ndinkati ndi mwana wofatsa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anakana bere. Anayamba kulira mokuwa, kulira kosakhala kwa khanda, akupindikira kumbuyo ngati uta. NyaChirwa sanatumenso munthu kudzandifunsa. Anamufungatira n'kukwera minibasi. Uthenga unandipeza ku bala, botolo lili m'manja.

Nditafika kuchipatala ndinamupeza ali m'kabedi kakang'ono, wavala thewera lokha, pansi pa getsi la buluu. M'maso anamumanga kansalu kuti kuwalako kusamupweteke. Mkaka ankachita kufinya kwa mayi ake n'kumupatsira m'kapaipi kodzera m'mphuno. Ndinayamba kuyankhula Chingerezi kwa namwino, pofuna kuti andione kuti ndine munthu. Iye anandiyankha m'Chichewa. Anati chikasu chimagwira makanda ambiri ndipo nthawi zambiri chimatha, koma chikachuluka chimakwera ku ubongo. Anati getsi lija ndi limene limachiphwanya kuti chituluke m'thupi, dzuwa la pabwalo silikwanira. Kenako anandifunsa chifukwa chimene tinachedwera.

Anandifunsanso dzina la mwana. Analibe. Pa kakhadi analemba kuti mwana wa NyaChirwa, ndipo ndinaona kuti anachita bwino, chifukwa ine sindinali woyenera kulembedwa pamenepo.

Ndinayandikira mkazi wanga kuti ndimufotokozere zimene ananena mzungu uja. Sanandilole kumaliza.

"Sindikufuna kumva za azungu anu," anatero. "Ngati muli ndi mawu, kawauzeni Mulungu."

Ndinatuluka. Kuseri kwa wodi kunali mpopi pomwe amayi ankachapa matewera. Dzuwa lili pamutu, anthu akuyang'ana, ndinagwada m'matope momwemo. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti, Ambuye, mwana uyu ndamuvulaza ndine. Kunyada kwanga ndi kumene kwamugoneka pamenepaja. Ndikhululukireni. Musamutenge.

Ndinalira ngati sindine mwamuna. Pamenepo ndi pamene Yesu anandipeza. Sindinaone masomphenya ayi. Ndinangodziwa kuti wandimva, ndipo sanandithamangitse. Kuyambira tsiku limenelo mowa sunalowenso m'kamwa mwanga.

Mwana anakhala pansi pa getsi lija masiku asanu ndi limodzi. Ankamutembenuza, ankamutenga magazi kukayeza. Tsiku lachinayi ali pa getsipo anagwiranso bere. Anachira. Agogo ake anamupatsa dzina loti Wanangwa.

Ndinkaganiza kuti zatha. Koma ali ndi miyezi isanu ndi itatu, chivundikiro cha poto chinagwa pa simenti pafupi ndi pomwe anagona. Tonse tinadzidzimuka. Iye sanagwedezeke n'komwe. Tinapita naye kukamuyeza, ndipo anatiuza kuti chikasu chija chinamuwononga makutu.

Wanangwa tsopano ali ndi zaka zisanu. Ndi uyo wakhala pamiyendo pa mayi akeyo. Amaseka, amathamanga, amakonda mango kuposa chilichonse. Tikuphunzira kuyankhulana ndi manja. Ndinapita kwa mayi wa zaumoyo uja kukapepesa, ndipo anandilandira bwino kuposa mmene ndinamuchitira. Mkazi wanga anandikhululukira, ngakhale zinatenga nthawi.

Koma sindinama pamaso panu. Mtima umawawabe. Ndikamaweruka ndimamuona akusewera pamchenga atandifulatira, ndipo ndimaiwala, ndimakuwa dzina lake. Satembenuka. Ndimalakalaka atandimva kamodzi kokha, ndimuuze ndi pakamwa pangapa kuti pepa mwana wanga. Tikamaimba muno amaika kadzanja kake pakhosi panga kuti amve kunjenjemera, ndipo ine nyimbo imandithawa.

Komabe ndikutamanda Mulungu. Ndinapempha moyo wa mwana, anandipatsa. Moyo wanga sindinaupemphe, anandipatsanso. Dzina la Yesu lilemekezeke.

Inu amayi, inu agogo, khanda likabadwa muzilitengera pakhomo tsiku lililonse, muliyang'ane powala. Mukaona chikasu m'maso kapena pakhungu, mukaona likungogona kapena likukana bere, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mchombo ukagwera komweko. Ndipo inu abambo amene muli ngati mmene ndinalili, odziwa zonse, osamva za munthu, musadikire kuti mwana wanu ndiye adzasenze kunyada kwanu. Bwerani kwa Yesu lero, malo alipo, ine anandilandira ndili ndi matope m'mawondo.

Yesu ameneyu anatsegulapo makutu a munthu wosamva. Kaya adzachita pansi pano kaya kwawo kumwamba, sindikudziwa. Koma ndikudikira. Tsiku lina ndidzaima kumbuyo kwa mwana wanga, ndidzaitana kuti Wanangwa, ndipo adzatembenuka.

Amen.