Bata Limene Malemu Ankaliopa

Malemu, amene ndi achimwene anga, anabadwa pa 9 Malichi 1961, achisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Anamaliza maphunziro a sayansi ya tizilombo mu 1985, ndipo mu 1988 anakwatira alamu athu.

Kuyambira 1986 anagwira ntchito mu labotale, kuweta mabakiteriya m'mabotolo. Kunyumba tinkawaseka kuti ndi mbusa wa ziweto zosaoneka. Iwo osakwiya, m'malo mwake ankatiphunzitsa, tifune tisafune. Ankati mabakiteriya ukawapatsa shuga wamitundu iwiri, amayamba kudya gulukosi, wosavuta kugaya. Malangizo ogayira shuga winayo, wa mumkaka, amakhala otsekeredwa mu DNA yawo. Gulukosi akatha amaleka kuswana, m'botolo mumangoti zii. Pamenepo amakhala akukopera malangizo aja, ndipo akamaliza amayambiranso kudya ndi kuswana. Anatibwerezera mpaka kutitopetsa kuti bata la kachilombo si imfa.

Pa 4 Janyuwale chaka chino, kampira kokokera madzi m'kachubu ka galasi kanang'ambika. Achimwene, amene ankakalipira aliyense wokoka ndi pakamwa, anakoka ndi pakamwa, monga ankachitira kale ali ophunzira. Madzi a tizilombo ta tayifodi anawafika palilime. Chifukwa cha manyazi sanauze munthu mpaka atayamba kudwala.

Pa 17 Janyuwale thupi linayamba kutentha ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pa 2 Febuluwale linazizira, anatulutsidwa. Ife mitima inakhala pansi, koma iwo anakana kumasula chikwama cha kuchipatala, anachiika kuseri kwa chitseko. Ine ndinawanena kuti achulutsa mantha, ndipo mawu amenewo akundiwawa lero. Pa 13 matenda anabwerera mwamphamvu. Anatisiya pa 19 Febuluwale.

Asiya ana atatu, zidzukulu ziwiri ndi alamu athu, amene ankawasambitsa ndi kuwachapira. Mpando wa alamu mukuuona wopanda munthuwo, ali m'chipatala ndi matenda omwewa.

Tikuthokoza anamwino, anzawo a kuntchito, oyandikana nawo nyumba ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa. M'mawa uno anamwino atiimbira kuti thupi la alamu lazizira, akugona mwabata. Abale, kunena zoona, palibe mmodzi wa ife wamwetulira. Tili ndi mantha.

Achimwene, usani mumtendere. Tinakumvani mochedwa, koma chikwama cha alamu sitimasula.