Mphete ya Ukwati Wanga ndi Masewera a Nkhonya

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndikulemba kuchokera kuno ku Nkhotakota.

Mkazi wanga atamwalira ndinkasowa tulo, ndipo adokotala anandiuza kuti ndipeze masewera otopetsa thupi. Paboma ndinapeza malo awiri, a karate ndi a nkhonya.

Mphunzitsi wa karate anayang'ana dzanja langa n'kunena kuti, "Achimwene, mpheteyo muvule. Muvulala nayo." Inali ya ukwati wathu, ndipo ndinali ndisanaivulepo chichitikireni maliro. Ndinathokoza n'kutuluka.

Wa nkhonya ataona mpheteyo anangoti, "Zanu zimenezo, bwana," n'kukulunga nsalu pamwamba pake. Ndinasankha kumeneko osafunsanso china.

Sabata yachitatu ndinamenya thumba la mchenga molakwika. Chala chinatupa, mphete n'kukana kutuluka. Kuchipatala anamwino anayesa sopo, kenako ulusi. Chala chitayamba kuda anati, "Bambo, sankhani, chala kapena mphete." Mpheteyo anaidula ndi pulayala.

Chala chitapola ndinabwerera kwa mphunzitsi wa karate uja. Ataona dzanja langa anangondionetsa poika nsapato kuti tiyambe.

Omvera, mukamasankha kophunzira, musathawe mphunzitsi amene wakukanizani chinthu tsiku loyamba.