Muzukulu wanga anagwa pa bola, anzake sanathawe

Aleluya, abale na alongo! Mwachoma bwanji? Ine nachoma bwino, ee, nachoma bwino. Ndine ambuya ake a Misheki, wa kuno ku Nkomeshya. Kulemba sinidziwa, koma pakamwa nili napo. Nipatseni makutu.

Misheki ni muzukulu wanga. Amake asewenza m'nyumba ya anthu ku Silverest, mwana anamusiya na ine. Mwana wa bola uyu. Akauka ni bola, akamutuma ku chigayo apita achaya chipepala na phazi. Anapasa mayeso, analowa giredi 8, ine ninavina mpaka chitenge kugwa.

Ndiye matenda anabwera. Khunyu, abale, khunyu! Anagwa pa bwalo la sukulu, maso kutembenuka, thovu kukamwa. Anzake onse anathawa. Onse! Anamusiya pa dzuwa yekhayekha. Mudziwa zimene tikamba m'midzi muno, kuti thovu ija ikakukhudza, naiwe wayamba kugwa.

Ninapita naye ku kiliniki, anatipatsa mapilisi akumwa tsiku na tsiku. Kugwa kunachepa, koma anthu sanabwerere. Pa desiki anakhala yekha. Bola ikamukhudza, ena safuna kuichaya. Panali mnyamata wina, Bonifesi, wogwira pa golo mu timu, pakamwa ngati wailesi. Iye amamuitana Misheki kuti Kagwegwe. Amake Bonifesi anabwera pa nyumba panga, manja m'chiuno. Akuti, "Ambuya, muzukulu wanu akapatsa mwana wanga matenda, mudzanidziwa."

Mayo ine! Ninamuletsa sukulu Misheki. Ninati khala pano, uziyang'ana mbuzi. Mwana analeka kuseka. Anzake akapita na mayunifomu, iye alowa m'nyumba. Ine mtima phaphapha. Akachedwa kuchimbudzi, nathamanga. Akayandikira moto, nakuwa. Ninauma, abale, ninauma ngati phesi.

Tsiku lina kunabwera njinga. Ni ba Mwanza, aphunzitsi a zamasewera na zaumoyo. Anakhala pa mpando, akuti, "Amai, khunyu sipatsirana. Mwana amwe mankhwala, asakwere mitengo, asasambe yekha ku mtsinje. Koma bola achaye. Nibwezereni mwana wanga."

Ine nati, "Ba ticha, akagwa adzamugwira ndani?"

Akuti, "Bwerani mudzaone."

Ninapita. Ninapeza kalasi yonse pa giraundi, ana abwinobwino agona m'fumbi, anzawo awatembenuza. Uyu agwa dala, uyu achotsa miyala, uyu aika juzi pansi pa mutu. Ba Mwanza akuwa, "Osamupanikiza! Osaika supuni m'kamwa! Akaleka kugwedezeka, mugoneke cham'mbali! Akachedwa kuleka, itanani akulu, tithamange ku kiliniki!" Ana kuseka, fumbi mbuu. Ine mumtima nati, awa ni masewera chabe. Thovu yeniyeni ikatuluka, adzathawa.

Koma ninamulola Misheki. Anabwerera ku sukulu.

Tsiku la mpikisano wa makalasi ninaima kumbali. Misheki athamanga, athamanga, basi waima. Nati Yesu wanga. Wagwa! Ninayamba kuthamanga. Nikuona ana abwerera m'mbuyo, nati ee, ayamba kuthawa.

Awe, abale! Sanathawe! Anali kumupatsa mphepo. Ndipo wina anachoka pa golo, liwiro. Bonifesi! Wavula jezi, waika pansi pa mutu. Kamtsikana kena kanigwira dzanja, kakuti, "Ambuya, musamunyamule, aleka manje manje." Analeka. Anamugoneka cham'mbali. Bonifesi uja, na dzanja lake lomwe, anapukuta thovu.

Misheki atatsegula maso, Bonifesi akuti, "Iwe, ukafuna kugwa uzigwera mu bokosi, tipateko penoti." Ba Mwanza akuti, "Choka apa iwe, mulekeni apume."

Muganiza ninasekerera? Awe. Mantha yeniyeni inayamba pamenepo. Ninaona thovu ija pa dzanja la mwana wa eni. Nati ba ticha akamba zawo za m'mabuku, nanga ngati alakwa? Nanga Bonifesi akagwa? Nidzathawira kuti na muzukulu wanga?

Ninayamba kumulonda mwana uja. Akapita ku sukulu, ine maso pa njira. Akakhosomola, nati zayamba. Nikamva mapazi pa khomo, nati amake afika. Ninapemphera, ninapemphera, nati Ambuye, musunge mwana wa mnzanga, musunge, musunge.

Mvula inabwera, Bonifesi ali njo. Tinalimira, Bonifesi ali njo. Tinakolola, Bonifesi wanenepa, adya ngati chigayo, pakamwa pakali pomwepo! Aleluya! Nenani aleluya, kodi mwagona?

Amake Bonifesi ninakumana nawo pa mjigo. Ninafuna kubwerera. Iwo akuti, "Ambuya, bweretsani chigubu." Ananipopera madzi, ananitwika.

Manje tili tere. Misheki sanachire, sininama pamaso pa Mulungu. Mapilisi akumwa, ku kiliniki tipita, nthawi zina akugwa. Koma ali mu giredi 9. Pa desiki akhala atatu, afinyana. Nayamika Mulungu, nayamika manesi, nayamika ba Mwanza amene anagoneka ana a eni m'fumbi chifukwa cha mmodzi.

Ndipo lero lino, pamene nikamba na imwe, Misheki kulibe kuno. Wakwera lole na timu, apita kukachaya bola ku Kasisi. Ine sininakwere. Ninafuna, iye akuti, "Ambuya, khalani, munganichititse nsoni." Mtima ugunda, gwirani apa mumve. Ugunda maningi. Koma akagwa kumeneko, pali manja. Pali manja, abale, pali manja! Amai a kwaya, yambitsani nyimbo, miyendo yanga ifuna kuvina. Amen!